Tsiku Limene Mabelo Anakana Kuyankha Kapitawo

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi isanu. Kumeneko munthu akalephera mayeso sanena kuti amuchotsa, amati amuwida, mawu ochokera ku Chingerezi otanthauza kupalira. Ndiye ine anandipalira. Ndinabwerera kwathu ku Kasungu ngati bonongwe wozulidwa, mizu m'mwamba, nditanyamula chikwama, bulangete ndi luso limodzi lokha, lolankhula ndi makompyuta. Luso lomwelo ndi limene linandipaliritsa, chifukwa anzanga akamalowa m'kalasi ya masamu, ine ndinkatsalira m'chipinda cha makompyuta kufufuza zinthu zosabwera pamayeso.

Zaka zingapo ndinazithera pabenchi pamsika wa Chamama, kuika nyimbo m'mafoni a anthu ndi kutsegulira azibambo mafoni omwe anawatseka okha poopa akazi awo. Sindikudandaula. Ndi ntchito yotumikira mtundu.

Kenaka kunabwera bungwe lina logwira ntchito ndi alimi. Linabwereka shedi yakale yosankhiramo fodya pa esiteti ina, n'kuikamo denga latsopano, masola ndi mabatire. Anthuwa ankaulutsa tindege topanda woyendetsa pamwamba pa minda, kujambula zithunzi kuti adziwe kukula kwa munda uliwonse ndi mitengo imene mlimi wadzala. Zithunzizo zinali zambirimbiri, ndipo kuzilumikiza kuti zikhale mapu amodzi, kompyuta imodzi ikanamaliza fodya atagulitsidwa kale. Choncho anagula makompyuta akale makumi anayi, ndi ina imodzi yaikulu, kuti azigwira ntchito pamodzi ngati dima.

Woyang'anira pamalopo anali mayi wina wamfupi wa cha ku Kaluluma, wosakonda mawu ambiri. Anandipeza pabenchi panga nditatsegula foni ya dalaivala wawo.

"Achimwene, akuti mumadziwa makompyuta," anatero. "Ndili nawo makumi anayi. Mukawayendetsa onse pamodzi, ntchito yowayang'anira ndi yanu."

Pepala la mgwirizano panalibe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwambiwu ndinkaudziwa, ndinakulira pakati pa fodya. Koma munthu amene wakhala zaka pabenchi akamva mawu akuti ntchito, miyambi yonse imapita kukamwa madzi.

Makompyutawo anabwera pa lole. Ena anali ndi zomata za masukulu a kunja, ina inali ndi mphemvu yakufa ya mtundu umene sindinauonepo kuno. Iliyonse inabwera ndi khalidwe lake. Ndinayamba ndi kuifufuta m'mutu iliyonse kuti iiwale komwe inachokera. Kenaka ndinatenga imodzi, n'kuikamo mapulogalamu onse ofunika, n'kuitchera mpaka inakhala momwe ndinkafunira. Imeneyo inali chikombole, zinazo njerwa. Ndinkaumba zisanu ndi zitatu nthawi imodzi kudzera pa mawaya, chifukwa ndikaonjeza, kabokosi kolumikizira mawayawo kankatsamwa. Ya nambala 17 inakana katatu. Nditaifunsa bwinobwino ndinapeza kuti wotchi yake inkakhulupirira kuti tili m'chaka chimene ine ndinali ku pulayimale. Kabatire kake kooneka ngati kobiri kanali katafa. Nkhani ya mawotchi si yamasewera: akasiyana, makompyuta amakangana kuti wayamba kulankhula ndani, ndipo ntchito imaima ngati msonkhano wa komiti ya mjigo.

Yaikulu ija ndinaitcha kapitawo. Ndi yokhayo imene inali ndi sikirini ndi kiyibodi. Zinazo zinalibe nkhope, zinangondandalikana pamashelufu, tinyali tili psetepsete. Kapitawo akadzuka amawerenga mndandanda wa maina, monga m'mawa pa esiteti. Woitanidwa akayankha amapatsidwa ndime yake ya zithunzi, akamaliza amabweza. Wosayankha, kapitawo amamuwerengera kuti kulibe.

Tsono antchitowo anafunika maina. Pasimenti ya shediyo panali timabwalo ta penti pomwe kale ankaikapo mabelo a fodya, ndipo kalaliki wina wakalekale analembapo BELO 1, BELO 2, mpaka kukafika pakhomo. Ndinaona kuti munthuyo anandigwirira kale ntchito. Ndinawatcha belo01 mpaka belo40. Dzina lililonse linalembedwa malo awiri: m'mutu mwa mwini wake, ndi pamndandanda wa kapitawo. Malo awiriwo ayenera kufanana ndendende.

Zonsezi zinanditengera masabata asanu ndi limodzi. Tsiku limene kapitawo anaitana ndipo onse makumi anayi anayankha, ndinaimirira pakati pa shedi, manja kumbuyo, ngati mbusa woyendera mpingo. Mapu oyamba anatuluka tiyi asanazizire. Mayi aja anawayang'ana n'kunena kuti, "Chabwino." Kwa iwo amenewo anali mawu a chikondwerero.

Lolemba lotsatira panafika galimoto yochokera kulikulu la bungwelo ku Lilongwe. Munatuluka munthu wovala jekete dzuwa lili phwee. Ndinamudziwa asanatseke chitseko. Tinkagona chipinda chimodzi chaka choyamba ku koleji. Ntchito zonse za makompyuta ankakopera kwa ine, mpaka tsiku lina anakopera ndi kamzere komwe ndinalembamo konyoza ndevu za mphunzitsi. Iye sanapaliridwe. Anakula, anachita maluwa, n'kubala madigiri awiri.

"Aise! Ndiwe?" anafuula, akundimenya paphewa. "Wagwira ntchito, mphwanga. Koma kuchokera pano pakufunika munthu wa mapepala. Ukudziwa wekha mmene zimakhalira."

"Ndikudziwa, bwana."

"Usamati bwana, iwe. Si tinkadyera mbale imodzi?"

"Ndikukumbukira, bwana. Inali yanga."

Anaseka kwambiri. Mayi aja sanaseke. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti likulu lalamula: woyang'anira makinawo akhale wa digiri, chifukwa opereka thandizo amafunsa. Ankalankhula akuyang'ana makiyi a galimoto m'manja mwawo. Anandipempha kuti ndikhalepo masiku atatu, ndimuonetse mnzangayo zonse.

Ndinamuonetsa. Ndine munthu woleredwa. Tsiku lachitatu ndinapita kukatenga mapepala pa printa, n'kupezapo lipoti lake lopita kulikulu. Sindinafune kuwerenga, koma maso alibe chitseko. Linati makinawo anakhazikitsidwa motsogozedwa ndi iyeyo, mothandizidwa ndi waganyu wa m'deralo amene ananyamula katundu ndi kumanga mawaya.

Ndinaliwerenga kawiri. Ndinalisanja bwinobwino, ngodya ndi ngodya, n'kukalipereka ndi manja awiri.

Ndinamupeza atakhala pa kapitawo, akugwedeza mutu mwachisoni.

"Taona, aise, kusamaliza sukulu n'koopsa," anatero. "Ngakhale Chichewa chenichenichi? Pambuyo pa e ndi i pamabwera chilembo cha ara, osati cha elo. Ndi bero. Bambo anga anaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, izi tinkazimva tikudya. Alendo akabwera aziti pano pali anthu osapita kusukulu."

Ndili chiimire kumbuyo kwake, anatsegula mndandanda wa kapitawo, n'kulemba lamulo limodzi lalifupi. Maina onse makumi anayi anatembenuka kamodzi: bero01, bero02, mpaka pansi. M'mitu mwa eni ake sanakhudzemo. Anadina kusunga, n'kuyang'ana mashelufu. Tinyali tinali psetepsete monga kale, ntchito ikuyenda.

"Waona? Palibe chaonongeka."

Panalibedi, chifukwa kapitawo amawerenga mndandanda kamodzi kokha, podzuka. Akadzuka amausunga pamtima. Tsiku limene adzagone n'kudzukanso, adzaitana anthu makumi anayi amene sanabadwepo.

Ndikuchitira umboni pamaso pa aliyense kuti ndinatsegula pakamwa. Mpweya unalowa ndithu. Kenaka ndinakumbukira kuti ndine waganyu wonyamula katundu, ndipo waganyu salowerera nkhani za galamala. Ndinatseka pakamwa kuti musalowe ntchentche. Masanawo iye anasindikiza zomata zatsopano, zolembedwa BERO m'zilembo zokongola, ndipo amene anazimata pamakina onse ndine, mowongoka, poti ntchito za manja ndiye gawo langa.

Ndinapita kwa alamu anga, amuna a chemwali wanga, kukathandiza kuthyola ndi kusoka fodya. Inali Febuluwale. Masola ndi mabatire a bungwe lija anali abwino kwambiri, ndinawalumikiza ndekha, ndiye kapitawo sankagona. Ndinkadziwa kuti pakufunika masiku atatu otsatizana opanda dzuwa. M'mawa uliwonse ndinkatuluka m'chigafa n'kuyang'ana kumwamba.

"Alamu, mukuyang'ananji kumwamba ngati mwadzala mpunga?" ankafunsa alamu anga. "Ife tikufuna fodya aume, inu mukupempherera mitambo. Mwatumidwa ndi ndani?"

"Ndikuyembekezera kalata, alamu."

"Kumwambako? Ya ntchito kapena ya maliro?"

Sabata yachitatu mvumbi unabwera. Kunachita mdima wa masana, kamvula kosalekeza, nkhuku zili ndwii pakhonde. Tsiku loyamba ndinadya bwino. Lachiwiri ndinaimba nyimbo posoka fodya. Lachitatu masana foni inalira m'thumba. Ndinaona nambala, ndinayang'ana manja anga ali bii ndi utomoni wa fodya, ndipo ndinaona kuti si ulemu kuyankha munthu wa madigiri awiri ndi manja otero. Inalira kasanu.

M'mawa mwake ndinasamba m'manja ndi sopo, n'kukhala pa mtolo wa mikangala, mitengo yopachikapo fodya ija. Foni italira ndinatsegula sipika kuti alamu amve, pakuti nkhani zikuluzikulu zimafuna mboni.

"Aise, makina ako aja akuvuta," anatero mnzanga uja. Mawu ake anali opyapyala.

"Anga ndi ati, bwana? Ine anga ndi mawaya. Mawaya aduka?"

"Usachite zimenezo, iwe. Mabatire anatha, zonse zinazima. Tayatsa jenereta, zonse zayaka, koma kapitawo akuti palibe aliyense."

"Tinyali tikuyaka?"

"Tonse. Mafani akulira. Ndayesa zonse."

"Kapitawo akuitana dzina lanji?"

"Bero ziro wani."

"Dzina lake ndi belo ziro wani, bwana."

"Eya, ndi lomwe ndanenalo!"

"Ndikuti belo."

"Bero, ndamva! Sindine gonthi!"

"Ndiye ngati akuitana belo, ayenera kuyankha. Kupitirira apo sindikudziwa. Ine sukulu sindinamalize."

Pano papepala mukuona kusiyana kwake. Pafoni panalibe. Ife lilime limagunda malo amodzi, elo ndi ara ndi mwana ndi mnzake, amabwerekana malaya. Munthu atha kulemba dzina la mkazi wake ndi elo pachiphaso cha ukwati, ndi ara pa khadi la kuchipatala, ndipo mkaziyo amakhala yemweyo, amakalipa chimodzimodzi. Khutu lathu silisiyanitsa, ngakhale diso limangodutsa. Koma kompyuta si Mchewa. Kwa iyo belo ndi bero ndi anthu a mitundu iwiri osadziwana ngakhale pamaliro.

Nditadula foni alamu anandiloza ndi singano ili m'manja.

"Alamu, inu kumwamba simukalowa."

"Ndanama pati? Ndamuuza katatu."

"Simunaname. N'chifukwa chake simukalowa."

Tsiku lotsatira galimoto ya bungwe inafika pachigafa, matope mpaka m'magalasi. Anatuluka mayi aja, okha. Alamu anawapatsa mpando, iwo anakana.

"Achimwene, alangizi anga akhala masiku opanda mapu. Mbande za mitengo zikudikira kuti tidziwe kopita nazo, mvula ikutha. Mnzanu akuti makina onse afufutidwe, ayambirenso. Akuti ampatse miyezi iwiri."

Kufufuta mabelo anga, ndi nambala 17 yemwe, amene ndinamuchiritsa ndi manja angawa. Koma nkhope ndinaisunga.

"Mayi, malinga ndi lipoti, ine ndine wonyamula katundu."

"Lipotilo ndinaliwerenga. Kwerani, mukanyamule."

M'shedi tinapeza alangizi asanu atakhala pabenchi, zipewa za njinga zamoto zili pamiyendo. Mnzanga uja anali atavula jekete. Pathebulo panali mabuku awiri akuluakulu otsegula ndi makapu a tiyi osatsuka. Ndinapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, kufunsa za kunyumba, za ana, za mvula. Mwambo ndi mwambo. Kiyibodi sindinaikhudze.

"Bwana," ndinatero, "ndikupempha mutenge sikiriniyo, mukailumikize ku makina oyambawo. Ine msana ukundivuta, fodya uja."

"Ndachita kale zimenezo kawiri."

"Chitani kachitatu, kuti alendowa aone."

Anayang'ana mayi aja. Mayi aja anayang'ana sikirini. Anaizula, n'kuinyamula pamimba kudutsa shedi yonse, waya ukukwekwereka pambuyo. Ataiyatsa panaoneka dzina la makinawo, pakona, m'zilembo zoyera.

"Werengani, bwana."

"Bero ziro wani. Ndakuuza kuti..."

"Chilembo chimodzichimodzi, monga ku sitandade wani. Mokweza, a kumbuyo amve."

Anapuma mwamphamvu. "Bi. I. Elo. O."

"Zikomo. Tsopano tibwerere kwa kapitawo."

Ananyamulanso. Mlangizi wina wachikulire anasuntha miyendo kuti adutse, n'kunena kuti, "Pepani, bwana, katundu." Atalumikiza, ndinamupempha atsegule mndandanda.

"Werenganinso."

"Bi. I. Ara..."

Anaima pomwepo. O sanafike. M'shedi munangotsala kulira kwa mafani ndi mvula padenga. Mlangizi wachikulire uja ndiye anayamba, kaphwete kakang'ono m'mphuno, kenaka benchi yonse inagwedezeka.

"Masiku onsewa," anatero wina akupukuta misozi, "takhala pano chifukwa cha ara?"

"Musaseke, akuluakulu," ndinawadzudzula. "Malamulo a Chichewa ali kumbali ya bwana. Pambuyo pa e pamabweradi ara. Olakwa ndi makinawa, sanapite kusukulu."

Anakonza yekha, ndi zala zake, lamulo lomwe lija mobwerera. Tinagoneka kapitawo n'kumudzutsa. Anayamba kuitana, ndipo pa sikirini mizere inayamba kutsika umodziumodzi: belo01 alipo, belo02 alipo. Ndinadikira mpaka wa makumi anayi. Ndakhalapo pa maukwati, ndamvapo makwaya opambana mipikisano, koma sindinamvepo nyimbo yokoma ngati mndandanda umenewo.

Mayi aja anandiitanira pakhonde. Mvula inali ikudontha kuchokera kumalata.

"Munadziwa liti?"

Ndinaganiza zonama, koma mayi amenewa ali ndi maso a nesi.

"Tsiku limene anasintha. Ndinali kumbuyo kwake."

"Masabata atatu."

"Ndi masiku awiri, mayi."

"Musandiseketse, sindikuseka. Mbande zina zafa m'machubu. Alimi amene anazidikira si amene analemba lipoti lija."

Za mbandezo zinandikhudza, ndipo Loweruka lotsatira ndinakwera nawo lole kukatsitsa zotsalazo m'midzi. Za mnzanga uja ndafufuza mumtima mwanga kangapo, ngodya zonse, ndi tochi. Chisoni sindinachipeze.

"Ntchito ndi yanu, monga ndinanenera," anapitiriza mayiwo. "Ulendo uno ndi kalata, ndisayina ndekha, likulu ndithana nalo. Pamapepala mkulu akhalabe iyeyo, poti akufuna digiri. Koma chilichonse chosintha pamakinawa chizidutsa m'manja mwanu. Ndipo mukadzaonanso denga likudontha n'kukhala chete, mudzatuluka tsiku lomwelo."

Kalatayo ndinailandira Lachisanu. Pasiwedi yaikulu ya kapitawo, imene munthu sangasinthe kanthu popanda iyo, anati ndiisankhe ndine, koma mkulu wanga ali ndi ufulu woifunsa nthawi iliyonse.

Sabata yotsatira mnzanga uja, pofuna kuonetsa kuti ukulu ulipobe, analemba malamulo a chitetezo n'kuwamata pachitseko. Loyamba linati pasiwedi isalembedwe papepala, isatumizidwe pafoni, izinenedwa pakamwa pokha. Ndinaliwerenga nditavula chipewa. Ndi lamulo labwino kwambiri, ndipo palibe amene amalisunga kuposa ine.

Pasiwedi imene ndinasankha ndi mawu atatu a Chichewa, odziwika kwa mwana aliyense. Muli zilembo ziwiri zija kasanu ndi kanayi, zina motsata malamulo a sukulu, zina motsata mtima wanga. Kapitawo amalola munthu kuyesa katatu, akalephera amamutsekera kunja ola lathunthu. Mkulu wanga akaifuna ndimaimirira, n'kuinena momveka bwino, pang'onopang'ono, ngakhale kawiri. Atangofunsa kuti apa ndi elo kapena ara, ndingamuuze mosavuta, sindine munthu woipa. Koma ofesi yathu ndi shedi imodzi yopanda zipinda, alangizi amakhala pomwepo, ndipo funso limenelo pakamwa pake silituluka.

Lachiwiri lapitali anayesanso katatu. Ndinamuphikira tiyi kuti olalo alidikire bwino.